Kuyetsemula kwa nyengo ya mwera: ndi mankhwala ati apakhomo amene amathandizadi pa ziwengo?

Mwera ukayamba kuwomba kuno ku Nkhotakota, cha m'mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imakalipa, asodzi amakokera mabwato kumtunda, ndipo fumbi la m'misewu limalowa paliponse. M'kalasi mwanga ndimadziwira nyengoyi pa phokoso la kuyetsemula, makamaka pa phunziro loyamba la m'mawa.

Chaka china ndinali ndi mtsikana wa Folomu 4 amene ankakhala pa desiki yakutsogolo, pafupi ndi bolodi. Dzina lake ndilisunga. M'mawa uliwonse ankayetsemula motsatizana, maso ali psuu, akuyabwa, mamina oyera ngati madzi akungotsika. Anzake ankamuseka kuti chimfine chake n'chobadwa nacho. Kutatsala milungu yochepa kuti mayeso a MSCE ayambe, anabwera dzanja lamanja atalikulunga kansalu.

"Watani iwe?" ndinamufunsa.

"Ndapsa, aphunzitsi. Agogo amandifukiza bulugamu usiku uliwonse kuti mphuno zitseguke. Ndiye dzulo ndili m'bulangete muja ndinayetsemula, beseni lonse n'kunditayikira."

Linali dzanja lolembera. Agogo ajawo sanalakwe kufuna kuthandiza mdzukulu wawo, ndipo inenso mayi anga anandifukizapo kangapo ndili mwana. Koma tsiku limenelo ndinaona kuti ndimaphunzitsa za kutentha ndi nthunzi chaka ndi chaka, osanenapo ngakhale kamodzi kuti zimenezi zikukhudza beseni limene ana amaweramira kunyumba. Nkhaniyi ndikulemba kuti ndibweze ngongole imeneyo. Mankhwala ena apakhomo amathandizadi, ena amangotonthoza, ena amavulaza, ndipo Fizikisi ndi Bayoloje imene muli nayo kale m'makope ikhoza kukuuzani kusiyana kwake.

Ziwengo n'chiyani kwenikweni?

Pa Chichewa timati "nyama ya mbuzi imandiwenga", kapena "ndatuluka ziwengo". Madokotala amati allergy, mawu amene anayambitsa dokotala wa ana wa ku Vienna, Clemens von Pirquet, mu 1906. Mawuwa satanthauza zotupa za pakhungu zokha ayi. Kuyetsemula, kuyabwa maso, ngakhale mitundu ina ya mphumu, zonsezi gwero lake ndi limodzi.

Ganizirani za galu wa pakhomo. Akauwa mbala usiku, wagwira ntchito. Koma alipo galu wina wouwa chilichonse: mlendo, nkhuku, tsamba logwa mumtengo. Chitetezo cha m'thupi mwa munthu wa ziwengo chili ngati galu wachiwiriyu. Chimaukira zinthu zimene kwa ena zilibe vuto, monga mungu wa udzu, fumbi la m'nyumba, chuku, ubweya wa mphaka, mtedza, nsomba kapena mbola ya njuchi.

Thupi likakumana ndi chinthu chotere, limapanga mapuloteni otchedwa IgE, amene anatulukiridwa cha m'ma 1966 ndi 1967. Mapuloteniwa amakamatirira pa maselo otchedwa mast cells, omwe ndi ambiri m'mphuno, m'maso, pakhungu ndi m'njira za mpweya. Chinthu chija chikabweranso, maselowa amatulutsa histamine. Histamine imakulitsa timitsempha ta magazi, madzi n'kumadutsa kulowa m'minofu: n'kumene kumachokera kutupa ndi mamina aja. Imatekenyanso minyewa, ndiye munthu amamva kuyabwa n'kumayetsemula.

Apa pali mfundo ziwiri zofunika kuzigwira. Yoyamba, ziwengo sizipatsirana ndipo sizitenthetsa thupi. Ngati thupi latentha, mutu ukuwawa, m'mfundo mukuphwanya, musanamizire fumbi. Kuno kunyanja pitani mukayezetse malungo. Yachiwiri, si chilichonse choyabwa chimene ndi ziwengo. Chitedze chimayabwa aliyense amene wachikhudza, mfumu ndi mwana yemwe, chifukwa tiubweya take tili ndi puloteni yotchedwa mucunain yomwe imatekenya minyewa mwachindunji. Utsi wa nkhuni, utsi wowambira nsomba ndi fumbi la choko nazonso zimakwiyitsa mphuno ya aliyense. Kungoti kwa munthu amene mphuno yake ndi yotupa kale ndi ziwengo, zimenezi zimakhala ngati kuthira tsabola pachilonda.

Mankhwala oyamba: madzi ndi tsache

Munaonapo kuwala kwa dzuwa kukulowera pa kabowo ka malata wina akusesa m'nyumba? Tinthu tambirimbiri timaoneka tikuvina m'kuwalako. Funso la Fizikisi n'lakuti: timatenga nthawi yaitali bwanji kuti tigwe pansi?

Tinthu timeneti timayezedwa m'mamaikolomita. Maikolomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mamaikolomita 70. Mu 1851, George Stokes wa ku Cambridge anasonyeza kuti liwiro limene kanthu kakang'ono kozungulira kamagwera mu mpweya kapena m'madzi limayendera sikweya ya kukula kwake. Kakachepa ka 10, liwiro limachepa ka 100. Tiyerekeze kuti kanthuko n'kolemera mofanana ndi kadontho ka madzi, ndipo kakugwa mamita 2 m'chipinda mopanda mphepo:

Ka mamaikolomita 30, monga mungu wa udzu, kamafika pansi patangopitirira pang'ono mphindi imodzi.

Ka mamaikolomita 10 kamatenga pafupifupi mphindi 11.

Ka maikolomita imodzi, monga tinthu ta mu utsi, kamatha kupitirira theka la tsiku kali m'malere.

Tsopano onani zimene tinkachita pasukulu pathu. Ana ankasesa kalasi pouma, mawindo ali otseka chifukwa cha kuzizira kwa mwera, kenaka belu n'kulira, onse n'kulowa kudzapuma fumbi limene angoliutsa kumene. Amene ankavutika kwambiri ndi wa pa desiki yakutsogolo uja, popeza fumbi la dasitala linkayambiranso kwa iye.

Tinasintha zinthu zitatu zosafuna ndalama. Tinayamba kusesa masana tikaweruka, mawindo ali pululu. Tinayamba kuwaza madzi tisanasese. Ndipo bolodi tinayamba kupukuta ndi kansanza konyowa. Madzi amamata tinthu ting'onoting'ono pamodzi kukhala timibulu, ndipo mwa lamulo la Stokes lija, kambulu kakakulu sikachedwa m'malere. Amayi athu akhala akuwaza madzi pabwalo asanasese kuyambira kalekale, asanamvepo dzina la Stokes. Kunyumba chitani chimodzimodzi, ndipo ngati fumbi limakuwengani, pemphani kuti musinthane ntchito ndi m'bale wanu: iye asese, inu mukatunge madzi kapena mutsuke mbale.

Matiresi padzuwa

Ngati mumayetsemula kwambiri mukangodzuka, kapena mukamakutumula bulangete, kaikirani tizilombo totchedwa dust mites. Si nsikidzi ayi, ndipo sitiluma. Ndi abale a nkhupakupa ndi akangaude, totalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita, ndipo timadya timamba ta khungu timene tonsefe timayoyola tikagona. Chimene chimawenga anthu kwambiri ndi ndowe zake, timibulu ta mamaikolomita 10 mpaka 40, timene timauluka mukangogwedeza pilo.

Tizilomboti sitimwa madzi. Timayamwa chinyezi cha mu mpweya, ndiye timaswana bwino kumalo kotentha ndi kwachinyezi ngati kuno m'mbali mwa nyanja. Kufooka kwake kuli pomwepo: kutentha ndi kuuma zimatipha. Tulutsani matiresi, mapilo, mphasa ndi mabulangete padzuwa lamphamvu kwa maola angapo, mukuzitembenuza. Zofunda zochapika zinyikeni m'madzi otentha, pafupifupi madigiri 60, musanazichape. Koma dzuwa limapha tizilombo, silichotsa ndowe zija, choncho matiresi akutumulidwe panja asanalowetsedwe, ndipo wokutumulayo asakhale amene ali ndi ziwengo. Ngati khoma la kuchipinda lachita chuku nyengo ya dzinja, litsukeni ndipo muzitsegula windo kuti mpweya uziyenda.

Madzi amchere: apa pali umboni

Chimene chalowa kale m'mphuno chingathe kutsukidwa. Pa mankhwala onse apakhomo, kutsuka mphuno ndi madzi amchere n'kumene asayansi akufufuza kwambiri. Mu 2018, bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula zofufuza za zaumoyo, linapeza kuti njirayi ikhoza kuchepetsa zizindikiro za ziwengo za m'mphuno kwa akulu ndi ana omwe, ngakhale linachenjeza kuti zofufuza zambiri zinali zazing'ono.

Nanga mchere ndi wa chiyani? Kumbukirani osmosis ya mu Bayoloje. Madzi a m'thupi mwathu ali ndi mchere wofanana ndi magalamu 9 pa lita imodzi, kapena kuti 0.9 peresenti. Mukathira madzi opanda mchere m'mphuno, amalowa m'maselo, maselowo n'kufufuma. N'chifukwa chake mphuno imawawa madzi akakulowani posambira panyanja. Mukachulutsa mchere, madzi amatuluka m'maselo ndipo mphuno imalasa. Mukalinganiza, madziwo amangodutsa, n'kukokolola mamina, mungu ndi fumbi.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Botolo lagalasi la Fanta limalowa mamililita 300, ndiye limafuna magalamu 2.7 a mchere, womwe ndi pafupifupi theka la supuni yaing'ono ya tiyi, yosasefukira. Wiritsani madziwo mpaka abwate kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo, sungunulani mchere, ndipo dikirani azizire mpaka akhale ofunda pang'ono. Sambani m'manja, weramirani pa beseni, pendeketsani mutu, ndipo thirani pang'onopang'ono m'mphuno yakumwamba ndi sirinji yoyera yopanda singano, mukupumira pakamwa. Madzi atulukira mphuno inayo. Minani mofatsa, kenaka sinthani mbali. Otsala atayeni, mawa mupange ena.

Kuwiritsako musakudumphe. Madzi a m'nyanja, a m'chitsime ngakhale a pampopi akhoza kukhala ndi tizilombo timene m'mimba timafa ndi asidi, koma m'mphuno mulibe asidi wotipha. Tina mwa ito, ngakhale sizichitika kawirikawiri, timatha kuchoka m'mphuno kukafika ku ubongo.

Kufukiza: tiyeni tiwerengetse

Tibwerere ku beseni lija. Kufukiza bulugamu, mandimu kapena nimu kunatchuka kwambiri m'nthawi ya Covid-19, ndipo ambiri amati akatero amamva mphuno yatseguka. Kumvako n'koona: fungo la bulugamu limapatsa minyewa ya m'mphuno uthenga wa kuzizira, ndiye umamva ngati mpweya ukudutsa bwino. Koma nthunzi sichotsa IgE, sithetsa histamine, ndipo pakapita kanthawi mphuno imatsekanso. Mu 2016, gulu lotsogozedwa ndi Paul Little wa pa University of Southampton ku England linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 800 amene ankavutika ndi mphuno kwa nthawi yaitali. Otsuka ndi madzi amchere anapezako bwino pang'ono. Ofukiza nthunzi mutu unkaleka kuwawa mwa ena, koma vuto la mphunolo silinasinthe.

Phindu ndi lochepa choncho, nanga ngozi yake? Tengani kope. Kuti galamu imodzi ya madzi izizire ndi digiri imodzi, imatulutsa majulo 4.2. Galamu imodzi ya madzi obwata ikagwera pakhungu n'kuzizira kuchoka pa madigiri 100 kufika pa 37, imasiya pakhungupo 4.2 kuchulukitsa ndi 63, omwe ndi majulo pafupifupi 265. Galamu imodzi ya nthunzi, isanayambe n'komwe kuzizira, imayamba yasanduka madzi, ndipo posandukapo imatulutsa majulo 2,260, imene m'buku timaitcha latent heat. Kuphatikiza ndi 265 uja, ndi majulo oposa 2,500, pafupifupi kuchulukitsa ka 10. N'chifukwa chake nthunzi ya pa mlomo wa ketulo imawotcha moopsa. Ndipo m'beseni simukhala galamu imodzi: malita 2 ndi magalamu 2,000 a madzi otentha, ali pafupi ndi miyendo ya munthu amene waphimbidwa kumutu, sakuona, ndipo akhoza kuyetsemula nthawi iliyonse.

Ine ndimati mwana wamng'ono asafukizidwe n'komwe, ndipo wa mphumu asamale chifukwa fungo lamphamvu limatha kumuutsira chifuwa. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20, osapakapo dzira, ufa kapena mankhwala otsukira mano, kenaka mupite naye kuchipatala.

Chosangalatsa n'chakuti latent heat yomweyo ikhoza kukuthandizani mukaitembenuza. Madzi akamasanduka nthunzi amatenga kutentha kuchoka pamene ali, n'chifukwa chake madzi a mumtsuko wadothi amazizira: ena amadutsa m'timabowo ta dothi n'kumauma kunja. Nyowetsani kansalu koyera ndi madzi a mumtsuko, kayikeni pa maso otseka kapena pa ziwengo kwa mphindi 10. Kuzizira kumachepetsa timitsempha timene histamine inakulitsa, kutupa kumatsika, ndipo kuyabwa kumazilala. Kukanda kumachita zosiyana: kumautsa mast cells ena, ziwengo n'kufalikira.

Nanga uchi, jinja ndi mandimu?

Pali chikhulupiriro chofala m'mayiko ambiri chakuti kudya uchi wa m'dera lako kumazoloweretsa thupi mungu wa m'deralo. Maganizowo akumveka, koma ali ndi bowo. Njuchi zimatola kwambiri mungu wa maluwa okongola, womwe ndi womata ndipo suuluka wokha. Mungu wowenga anthu ambiri ndi wouluka ndi mphepo, monga wa udzu. Kafukufuku wina wa ku University of Connecticut ku America, wa mu 2002, anayerekeza uchi wa m'deralo, uchi wa m'sitolo ndi manyuchi ongokoma ngati uchi, ndipo sanapeze kusiyana pa zizindikiro za ziwengo.

Izi sizikutanthauza kuti tiyi wa jinja, ndimu ndi uchi ndi wachabe. Amafewetsa pakhosi pamene pakukereketa, uchi umachepetsa kutsokomola, ndipo chakumwa chofunda m'mawa wa mwera chimakoma basi. Imwani, koma dziwani kuti mukutonthoza pakhosi, simukuchiza ziwengo. Uchi musam'patse mwana wosakwana chaka chimodzi, chifukwa ukhoza kukhala ndi mabakiteriya amene matumbo a khanda sangalimbane nawo. Ndipo mawu oti "zachilengedwe" asakupusitseni. Chitedze n'chachilengedwe, mbola ya njuchi n'njachilengedwe, utomoni wa mango umene umatupitsa milomo ya anthu ena nawonso ndi wachilengedwe. Masamba amene simukuwadziwa musapake pakhungu lotupa kale, ndipo m'maso musadonthezemo madzi a zitsamba zilizonse.

Pamene nzeru zapakhomo zathera

Pali zizindikiro zimene sizifuna mchere, uchi kapena kudikira kuti kuche. Ngati munthu walumidwa ndi njuchi, wadya chakudya china, kapena wamwa mankhwala monga penicillin kapena Bactrim, kenaka milomo, lilime kapena pakhosi payamba kutupa, mawu asasa, akubanika, akumva chizungulire kapena wakomoka, imeneyo ikhoza kukhala anaphylaxis, ndipo imapha m'mphindi zochepa. Mankhwala ake ndi jekeseni wa adrenaline. Pezani galimoto kapena kabaza wa njinga yamoto msanga, mupite ku chipatala chapafupi, kaya ndi Nkhotakota District Hospital, St Anne's kapena chipatala chaching'ono cha kwanuko. Wachizungulire agone chagada miyendo itakwezedwa, wobanika akhale tsonga, ndipo asayende yekha wapansi.

Pitaninso kuchipatala ngati pachifuwa pamalira ngati kamluzu, ngati mumadzuka usiku ndi chifuwa, kapena mumabanika mukathamanga pang'ono. Imeneyo ikhoza kukhala mphumu. Chifuwa chopitirira milungu iwiri, makamaka ngati mukuonda ndi kutuluka thukuta usiku, chimafuna kuyezetsa TB.

Mapiritsi oletsa histamine aliponso, ndipo kumwa si kugonja. Piriton amagwira ntchito koma amagonetsa, choncho si wakumwa m'mawa wa mayeso kapena pokwera bwato usiku. Cetirizine sagonetsa kwambiri. Funsani achipatala kuti woyenera inu ndi uti.

Mtsikana uja zinamuthera chonchi. Titasintha kasesedwe, iye n'kusamukira pa desiki ya pawindo, n'kuyamba kutsuka mphuno madzulo, kuyetsemula kunachepa kwambiri, koma sikunathe. Pamene ankakatsukitsa bala lija kuchipatala, anatchulako zoti usiku amabanika. Atamupima anapeza kuti alinso ndi mphumu, imene beseni la bulugamu silikanaichiza ngakhale akanafukizidwa chaka chathunthu. Anamupatsa mankhwala opopera m'kamwa. Mayeso analemba ndi dzanja lomwe lija, lili ndi chipsera, kopopera kali m'thumba la yunifolomu.

Yesani nokha

Mu 1873, dokotala wa ku Manchester, Charles Blackley, yemwe ankavutika yekha ndi kuyetsemula nyengo ya udzu, anasindikiza buku losonyeza kuti gwero lake ndi mungu. Ankapaka zomata pa timagalasi, kutisiya panja, n'kumawerenga mungu umene wamatirira. Tina ankatiulutsa m'mwamba pa kaiti.

Inunso mukhoza. Pemphani timagalasi tiwiri ta maikulosikopu kwa aphunzitsi a Bayoloje, pakani Vaseline wopyapyala, ikani kamodzi pawindo panja, kena pafupi ndi pamene mumagona. Pakatha maola 24 kayang'aneni pa maikulosikopu, mujambule zimene mwaona.

Kenaka tengani tsamba lomaliza la kope, mulembe kwa milungu iwiri: tsiku, nthawi imene zizindikiro zayamba, kumene munali, chimene mwadya, ndi mmene kunja kunalili. Kodi kunali mwera? Munali ku chigayo cha mpunga? Kunkaotchedwa tchire? Kodi nkhungu za panyanja, zija timaumba zikondamoyo, zinatera pamudzi? Funso lomalizali si lachibwana: ku Sudan, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, tizilombo touluka m'magulu totchedwa nimitti, abale akutali a nkhungu zathuzi, timadziwika kuti timautsa mphumu ndi ziwengo za m'mphuno.

Mukakaikira chinthu, sinthani chimodzi chokha pa sabata, monga timachitira mu labu. Mukatulutsa matiresi, kusiya mtedza ndi kumwa uchi sabata imodzimodzi, n'kupeza bwino, simudziwa chimene chathandiza. Chakudya chokha chimene chinakutupitsanipo milomo kapena kukubanikitsani, chimenecho musachiyesenso. Tsambalo mukalidzaza, pitani nalo kuchipatala tsiku limene mukukaonana ndi adokotala, muwasonyeze.